Silabasi ikamasintha: momwe tingakonzekeretsere sukulu zathu za pulayimale kuno ku Mangochi

Aphunzitsi anzanga, a hedi, a komiti ndi inu a PTA amene mumawerenga zinthu pa foni, nkhani ya kusintha kwa silabasi ndi kayesedwe ka ana ikangomveka aliyense mu sitafu amayamba kufunsa kuti mabuku afika liti, treningi ili liti. Ine ndati ndilembeko zimene ndaona pa zaka zomwe ndagwira choko kuno kunyanja, chifukwa kusintha kotere sikoyamba ayi. Ena tinalipo mu 2007 pamene silabasi ija ya PCAR imalowa ku Sitandade 1 ndi kutibweretsera kuyesa ana mosalekeza ndi mawu aja oti zizindikiro za kakhonzedwe (zimene mwana ayenera kutha kuchita phunziro likatha), tinaliponso mu 2016 pamene pulogalamu ya kuwerenga ija ya NRP imayamba ndi mabuku ake a Chichewa ndi Chingerezi. Maulendo onse awiri sukulu imene inayamba kudzikonza mabuku asanafike inayenda bwino, pomwe imene inangokhala kudikira galimoto ya mabuku inataya teremu yathunthu ana akungobwera ndi kubwerera. Nde zimene ndikulemba apazi ndi ntchito yoti tiyambe panopa ndi zomwe zili kale m'manja mwathu.

Poyamba penipeni pezani nkhani yoona ndipo muyisunge pamalo amodzi. Silabasi ndi mabuku amakonza ndi a MIE ku Domasi, mayeso a Sitandade 8 aja a PSLCE amayendetsa ndi a MANEB ku Zomba, ndipo kalata ya ku unduna imadutsa ku ofesi ya maphunziro pa boma kenako kwa a PEA (mlangizi wa sukulu za pulayimale za m'zoni, kapena kuti dera, yathu) ku TDC (malo a zoni ophunzitsirako aphunzitsi) isanatipeze ife. Njira yake ndi imeneyo. Zimene zimazungulira pa magulupu a WhatsApp zina zimakhala zoona koma zina ndi pepala lakale kapena la dziko lina lomwe wina wangoliponyapo, ndiye a hedi gulani fayilo imodzi, mulembepo kuti Silabasi Yatsopano, kalata iliyonse yokhala ndi chidindo izilowa mmenemo ndi deti lomwe yafika. Patsamba loyamba lembani mafunso oti mukawafunse a PEA pa miting'i ya mahedi: kusinthaku kukuyambira kalasi iti ndipo chaka chiti, ndi maphunziro ati amene aphatikizidwa kapena kuchotsedwa, phunziro lililonse lili ndi mapiriyodi angati pa sabata, makalasi apamwamba apitiriza silabasi yakale mpaka liti, komanso mayeso a MANEB adzayamba liti kutsata yatsopano. Funso lomalizali musalisiye chonde. Kusintha kotere kumayenda kalasi ndi kalasi, sikugwa pa sukulu yonse tsiku limodzi, nde mphunzitsi wa Sitandade 8 apitirize kuphunzitsa zimene ana ake adzalembe mpaka kalata yeniyeni itanena zina. Mabuku akale asatayidwe kapena kugawidwa kwa amayi ogulitsa mandasi pa geti, asungidwe bwino, mudzawafuna.

Mukatero dziwerengeni nokha. Apa sindikunena nambala ya mu rejisitala imene munalemba sabata yoyamba ya Seputembala ayi, ndikunena ana amene amakhaladi pansi m'kalasi. Werengani mitu masiku atatu osiyana, limodzi likhale Lachisanu, lina likhale tsiku la msika wa kwanuko. Inu a sukulu za m'mbali mwa nyanja monga cha ku Makawa, Malembo, Msaka kapena m'mbali mwa Malombe mukudziwa kale kuti mwezi ukakhala mumdima ndipo usipa ukufa, anyamata a Sitandade 5 ndi 6 amachepa m'kalasi, ndipo amene abwera amakhala akuwodzera chifukwa achezera ku doko. Kumtunda ku Namwera ndi Katuli vuto limabwera nthawi ya ganyu ndi mvula mitsinje ikadzadza. Zimenezi zilembedwe, chifukwa silabasi yatsopano imalembedwa poganizira mwana amene amabwera masiku onse, ndipo inu ndi amene mukudziwa masiku omwe ana anu amasowa. Werenganinso aphunzitsi, zipinda, makalasi ophunzirira pansi pa mtengo, mabolodi oti choko chimaonekabe, mabuku amene atsala pa phunziro lililonse. Mlingo umene boma limafuna ndi ana 60 pa mphunzitsi mmodzi, koma chiyambire 1994 pamene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere makalasi athu a infanti (Sitandade 1 ndi 2) sanachepepo, kuona ana opitirira 100 pamaso pa mphunzitsi mmodzi ndi zinthu za tsiku ndi tsiku. Pepala limeneli mupereke kope kwa a PEA, lina kwa wapampando wa komiti, lina mu fayilo ija.

Tsopano nkhani yogawa aphunzitsi, ndipo pano ndikhalitsapo pang'ono chifukwa ndi pamene timalakwitsa ambiri. Chizolowezi chathu ndi choti mphunzitsi wamphamvu timamuponya ku Sitandade 8 chifukwa zotsatira za MANEB ndi zimene zimatchukitsa sukulu, ku Sitandade 1 timaikako amene wangofika kumene kuchokera ku koleji kapena amene watopa akudikira kupuma. Koma kusintha kwa silabasi kumakonda kuyambira kumunsi, ndipo mwana amene sanagwire malembo mu Sitandade 1 ndi 2 amakafika ku Sitandade 5, kumene mabuku ambiri amasanduka a Chingerezi, ali chimanjamanja. A hedi limbani mtima, tengani mmodzi mwa aphunzitsi anu odalirika mumuike ku infanti, ndipo mukambirane naye bwino kuti asaone ngati mwamutsitsa.

Kuno kwathu palinso nkhani ya chilankhulo imene buku la mphunzitsi silingakuuzeni mokwanira. Mwana wa ku Makanjira kapena m'midzi ya kwa Jalasi amalowa Sitandade 1 akulankhula Chiyao chokha, Chichewa amachimva apo ndi apo, nde tsiku loyamba lomwelo tikumupatsa Chichewa ndi Chingerezi pamodzi. Ngati pa sitafu pali mphunzitsi wodziwa Chiyao, malo ake ndi kumeneko. Ngati palibe, amene apite ku infanti aphunzire mawu ochepa kwa ana omwewo ndi kwa amayi ophika phala, sizochititsa manyazi. Ine ndinaona kamtsikana kena kakulemba mbusi pansi pa chithunzi cha mbuzi, ndipo pa nkhuku kanati nguku, mphunzitsi anathetha zonse ziwiri ndi cholembera chofiira. Koma taonani bwino, mwanayo anamva maliwu a mawu a kwawo ndi kuwalemba molondola lembo ndi lembo, kutanthauza kuti luso la kulumikiza liwu ndi lembo analigwira kale, chimene chimasowa ndi liwu la z ndi la kh amene m'Chiyao sawagwiritsa ntchito, paja ndi chifukwa chake timamva sikomo m'malo mwa zikomo. Mwana wotere safunika ziro, amafunika mphindi zisanu za kumvetsera ndi kutchula z ndi s, mbuzi ndi mbusi, nsomba ndi somba. Mphunzitsi amene akudziwa zimenezi adzayesa ana athu mwachilungamo pa silabasi iliyonse imene ingabwere.

Ikafika treningi ya ku TDC, tumizani munthu amene adzaphunzitsedi kalasi imeneyo. Ndikudziwa kuti pamakhala kaalawansi ndipo aliyense ali ndi mavuto ake kunyumba, koma kutumiza mphunzitsi wa Sitandade 7 ku treningi ya Sitandade 1 chifukwa choti ulendo uno ndi wake ndi kulanga ana. Ndipo amene waphunzitsidwayo musamusunthe kalasi teremu yotsatira, akhale pomwepo chaka chonse, ngati nkotheka akwere ndi ana ake kupita nawo kalasi yotsatira. Akabwerako asangopereka ripoti la pakamwa mu sitafu. Sankhani masana amodzi pa sabata, ana akaweruka, Lachiwiri kapena Lachitatu, Lachisanu lisiyeni chifukwa anzathu ambiri amapita ku mzikiti. Mukhale m'kalasi, iye atenge buku la mphunzitsi, asankhe phunziro limodzi aliphunzitse kuyambira chiyambi mpaka mathero, enanu mukhale ana, mmodzi agwire foni kuwerenga mphindi. Mukatero mudzaona nokha pamene phunzirolo likutalika kuposa piriyodi, pamene pakufunika zipangizo zomwe mulibe, ndi pamene malangizo akuti ana akhale m'magulu pomwe m'kalasi mwanu mulibe ngakhale podutsa. Sabata yotsatira aphunzitse wina. Mahedi a sekishoni, wa infanti, wa juniya ndi wa siniya, aliyense asunge kope lolembamo zimene zavuta. A depyuti ndi a hedi nawonso aphunzitseko phunziro limodzi pamaso pa anzawo, zimachotsa mantha kwa achinyamata.

Za maskimu, mapulani aja a zophunzitsa pa teremu, sindichulutsa. Ikani silabasi yakale ndi yatsopano pambali ndi pambali, tengani pepala lalikulu mulembe magawo atatu, mitu imene yatsala momwe inalili, mitu yatsopano, ndi imene yachoka kapena kusamukira kalasi ina. Nthawi zambiri mudzapeza kuti gawo loyamba ndi lalitali kuposa momwe mumaopera, ndipo manotsi ndi matchati anu akale ambiri agwirabe ntchito. Mphamvu zanu zipite pa gawo lachiwiri. Powerenga masabata a teremu chotsani sabata ya mayeso, masiku a Eid, ndi masiku oyambirira omwe ana ena amakhala asanatuluke ku jando ndi ku nsondo, skimu yanu ikhale ya masabata amene mulidi nawo. Pa taimutebulo kuwerenga ndi masamu zikhale mmawa, aliyense amene anaphunzitsapo mu Okutobala kuno pansi pa malata akudziwa kuti ikakwana 11 koloko mwana samvanso kanthu.

Tifike pa kuyesa, pamene pagona nkhani yonse. Silabasi ikhoza kusintha mayina a maphunziro ndi mitu, koma chomwe akufuna kwa ife kuyambira nthawi ya PCAR ndi chimodzimodzi, kuti mphunzitsi adziwe chimene mwana aliyense akutha kuchita, osadikira mayeso a kumapeto kwa teremu. Zoona zake nzakuti ambiri tinasandutsa zimenezi ntchito yodzaza mabokosi. Pa sukulu ina imene ndinaphunzitsapo kunamveka kuti kukubwera alendo odzayendera, usiku womwewo mabuku a malikisi anadzadza, 3, 2, 3, 4, mzere wonse mpaka pansi. Patapita masiku ndinaitana mtsikana wina wa Sitandade 3 amene pa kuwerenga anali ndi 3, kutanthauza kuti akuchita bwino, ndinamulozera mawu oti mayi pa bolodi. Anayang'ana, anayang'ana pansi, kenako misozi. Zaka zitatu ali pa sukulu ndipo buku limati palibe vuto, nde palibe amene anamuthandiza. Nkhope ya mwana ameneyo sindinaiiwale, ndipo ndi chifukwa chake ndikukupemphani kuti bokosi lopanda kanthu lisiyeni lopanda kanthu mpaka mutamuyesadi mwanayo.

Mwina mukuti ana 120 ndingawayese bwanji ndekha. Zimatheka motere. Masabata atatu oyamba a teremu chitani kamayeso koyambira, kosafuna fotokope. Pa katoni lembani malembo asanu, maphatikizo asanu, mawu asanu ndi chiganizo chimodzi chachifupi. Ena onse apatseni ntchito yolemba kapena yojambula, inu mukhale pakhomo kapena pakona, muziitana mwana mmodzimmodzi, mphindi imodzi kapena ziwiri basi. Ana khumi pa tsiku, pakutha masiku 12 mwamaliza kalasi yonse. Amene walephera malembo musamuzunze ndi mawu, muthokozeni abwerere, lembani pamene waima. Masamu chimodzimodzi, mupatseni njere za malambe khumi ndi zisanu, awerenge, achotsepo zinayi, anene zatsala zingati, alembe nambalayo pansi ndi chala. Mukamaliza mudzakhala ndi magulu anayi enieni, osadziwa malembo, odziwa malembo koma osaphatikiza, owerenga mawu, ndi owerenga chiganizo. Milingo ija ya malikisi ya 1 mpaka 4 tsopano ili ndi tanthauzo. Ngati silabasi yatsopano idzabwere ndi milingo ina kapena fomu ina, mudzangosamutsa, chifukwa chimene mwana akutha mukuchidziwa kale.

Kenako pitirizani chimodzimodzi chaka chonse, ana khumi patsiku, luso limodzi pa nthawi, lochokera pa zizindikiro za kakhonzedwe za mutu umene mwangophunzitsa. Musayese kulemba chilichonse cha mwana aliyense tsiku lililonse, mudzatopa sabata yachiwiri ndi kuyambanso kupeka. Khalani ndi mndandanda wa mayina pa pepala lomata pa katoni lolimba, cholembera chomangirira ndi ulusi, muzichonga muli chiimire m'kalasi momwemo, Lachinayi masana musamutsire mu buku lalikulu. Ana a gulu loyamba akhale kutsogolo pafupi ndi inu, ndipo muwapezere theka la ola kawiri kapena katatu pa sabata. Apa pamafunika kukambirana ndi a shehe chifukwa ana ambiri masana amapita ku madrasa, mukapita kukawaona mwaulemu ndi kuwafotokozera kuti ndi ana awa ndi awa, masiku awa, ambiri amamva ndipo ena amakuthandizani kuwakumbutsa anawo. Ana a gulu lachinayi musawaiwale, apatseni mabuku owonjezera ndipo azithandiza anzawo awiriawiri.

Zosungira ntchito za ana sizifuna ndalama. Envelopu yopangidwa ndi kalendala yakale kapena pepala la thumba la simenti, dzina la mwana pamwamba, mkati muziikamo ntchito ziwiri kapena zitatu pa teremu zokhala ndi deti. Muzipachike pa chingwe kutali ndi khoma chifukwa cha chiswe. Kholo likabwera mumangotulutsa pepala la Okutobala ndi la Malichi, lidzionere lokha kusiyana kwake.

Inu a makalasi a siniya, yambani panopa kusintha kafunsidwe ka mafunso. Tazolowera mafunso oti tchulani, lembani zitatu, mwana amaloweza manotsi usiku ndi kukhuthula mmawa. Pa mayeso alionse a pa sukulu ikanimo mafunso angapo ofuna kuti mwana aganize ndi kugwiritsa ntchito chimene waphunzira. M'malo mofunsa kuti tchulani njira zosungira nsomba, mufunse kuti amayi ena agula usipa wambiri mmawa ndipo kumwamba kwachita mitambo, achite chiyani kuti usawole, ndipo chifukwa chiyani. Pa masamu, bwato lanyamula anthu akutiakuti aliyense walipira mwakuti, mafuta agula mwakuti, mwini bwato watsala ndi zingati. Ana athu masamu amenewa amawachita pamtima ku doko tsiku lililonse, amangosowa kuona kuti ndi omwewo a m'buku. Polemba mayeso khalani awiriawiri, wina alembe wina ayankhe ngati mwana, mafunso osamveka amagwidwa pomwepo. Ndipo pokonza moko ya zoni uzani anzanu kuti mapepala atsate silabasi imene kalasi imeneyo ikuphunziradi, kusakaniza yakale ndi yatsopano kumangosokoneza ana.

Pali kanthu kena kakang'ono komwe kamadzavuta mochedwa, mayina. Kuno mwana amalowa Sitandade 1 ndi dzina lina, akatuluka ku jando wabwera ndi lina, akasamukira kwa agogo ake amalembetsa ndi dzina la amalume. Ngati zolemba za kakhonzedwe ka mwana zikuyenera kumutsata kalasi ndi kalasi, dzina likhale limodzi kuyambira pansi mpaka pa fomu ya MANEB. Khalani ndi makolo, gwirizanani dzina ndi deti lobadwa, muyerekeze ndi chiphaso chobadwira ngati chilipo kapena buku la kusikelo, dzina latsopanolo mulilembe pambali ndi pensulo. Pomwepo lembaninso ana amene ali ndi vuto la kuona, kumva kapena kuyenda, ndi ana achialubino amene amafunika kukhala pafupi ndi bolodi komanso pamthunzi. A MANEB amakonza mapepala a zilembo zikuluzikulu ndi a braille koma amayenera kudziwitsidwa nthawi yolembetsa, ndipo ngakhale pa kuyesa kwa m'kalasi mwana wosamva bwino sangayesedwe ndi kuitanira mawu muli kumbuyo kwake.

Makolo musawasiye kuti adzamve mochedwa. Funso la kholo la kuno teremu ikatha ndi limodzi, wakhala nambala chani. Mukangomupatsa ripoti la milingo popanda kumufotokozera adzati sukulu yasiya kuphunzitsa. Itanitsani msonkhano teremu isanayambe, uthenga upite kudzera kwa a mfumu, ku mzikiti Lachisanu ndi ku matchalitchi Lamulungu, osadalira ana okha kuti akanene kunyumba. Kumbukirani kuti abambo ambiri ali ku Joni kapena ku nyanja, amene adzabwere ndi amayi ndi agogo, ndiye pakhale womasulira m'Chiyao ndipo nthawi ikhale yoti abwerako kumunda. Pa msonkhanopo musawerenge kalata ya ku unduna yonse, anthu adzagona. Itanani ana atatu amene makolo awo avomera, mmodzi atchule malembo, wina aphatikize, wina awerenge chiganizo, ndiye munene kuti ripoti lizikuuzani pamene mwana wanu wafika pa masitepe amenewa ndi chimene akufunika kuti akwere. Agogo amene sanapiteko ku sukulu zimenezi amazimva bwinobwino. Muwapemphe chinthu chimodzi chomwe angathe, kuti madzulo mwana atulutse buku awawerengere mokweza ngakhale iwo sadziwa kuwerenga.

Kwa a gulupu ndi mafumu pempho ndi la zinamwali, kuti jando ndi nsondo zithe sukulu isanatsegulidwe, madera ambiri malamulo a m'mudzi otere alipo kale, amangofunika kuwakumbutsa mu Julayi anakungwi ndi angaliba asanayambe. Mwana amene waphonya masabata atatu oyamba a silabasi yatsopano amavutika chaka chonse. A komiti ya pa doko, a BVC aja, apempheni kuti nthawi ya sukulu asalole ana kukoka nawo makoka kapena kuyanika usipa. Amayi a Mother Group apatseni mayina a atsikana amene ayamba kujomba, iwo amadziwa kulowa m'makomo momwe ife aphunzitsi sitingalowe.

Ndalama ya SIG, ija boma limapereka yotukulira sukulu, ndi yochepa ndipo siifika tsiku lomwe mukuifuna, choncho pokonza SIP, pulani yotukulira sukulu, ya chaka chino khalani ndi komiti muikemo zinthu zokhudza kusinthaku poyera: makope olimba a malikisi, mapepala a matchati, mamaka, penti wa bolodi, loko ndi mashelefu a mosungira mabuku. Zotsalazo ndi TALULAR yathu ija, kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka kwathu konkuno. Mangochi sasowa zipangizo, njere za malambe ndi za bwemba zowerengera, zigoba za nkhono, bango lopangira abakasi ndi mafelemu a matchati, mlaza wolukira timadengu tosungiramo makadi, zitsekerero za mabotolo zolembapo malembo, makatoni a ku magolosale a pa boma kapena ku Monkey Bay. Loweruka limodzi aphunzitsi, ana a siniya ndi makolo ochepa mukhoza kupanga makadi a malembo okwana kalasi yonse. Ngati sukulu yanu ili ndi matabuleti, onetsetsani kuti nthawi yake ili pa taimutebulo yatsopano ndipo siikudya piriyodi ya kuwerenga ndi mphunzitsi.

Tsiku limene mabuku afika, werengani pamaso pa wa komiti musanasaine, lembani mu buku la katundu, dindani chidindo cha sukulu ndi kupatsa buku lililonse nambala. Ngati achepa lembani kalata tsiku lomwelo, kope mu fayilo ija. Akutireni ndi mapepala a shuga kapena a simenti, ndipo aikeni pa shelefu yokwera, osati pansi, tonse tinaona momwe madzi analowera m'nyumba za m'mbali mwa nyanja pamene nyanja inakwera, komanso denga lodontha limodzi limatha katoni yonse usiku umodzi. Koma chonde mabuku apite m'manja mwa ana. Ndalowapo mu ofesi zina ndi kupeza makatoni osatsegula chaka chathunthu poopa kuti ana ang'amba, kunja ana akuwerenga pa bolodi lofufutika. Buku limodzi kwa ana atatu, lembani mayina atatuwo pa nambala yake, azisinthana kupita nalo kunyumba, kholo lisaine kapena kudinda chala. Ena adzang'ambika inde, mudzawamata.

Pakatha masabata asanu ndi limodzi chiyambireni, a hedi ndi a depyuti lowani m'makalasi, mukhale kumbuyo piriyodi yathunthu, mutamuuziratu mphunzitsi dzulo lake kuti mukubwera kudzathandizana. Mukatuluka tengani buku lake la malikisi, sankhani mayina asanu mwachisawawa, itanani anawo pansi pa mtengo muwayese luso lomwelo limene lalembedwa. Zikagwirizana muyamikireni pamaso pa anzake. Zikasiyana khalani naye awiri, mufunse chimene chikumulepheretsa, kawirikawiri ndi kuchuluka kwa ana kapena sanamvetse fomu, ndiye mumupatse mnzake womuthandiza masiku oyesa kapena mugawe kalasiyo pawiri ngati pali mthunzi wina. Zonse zimene mahedi a sekishoni alemba m'makope awo, phunziro lotalika kuposa nthawi, chithunzi cha m'buku chomwe ana a kuno sakuchizindikira, mawu ovuta kwa mwana wa Chiyao, tsamba losoweka, zilembeni pa pepala limodzi ndi nambala za masamba, a hedi asaine, mukapereke kwa a PEA pa miting'i yotsatira ya zoni, ndipo funsani mahedi anzanu a sukulu zoyandikana nanu kuti nawonso abweretse lawo tsiku lomwelo.